Kodi N'kutaya Ndalama Kukaonera Woimba Amene Sumukonda?

Mkangano uwu unayambira pakhonde la alamu anga ku Chinsapo, Loweruka lina masana, ndipo mpaka lero sunazime. Mnzanga wa kuntchito anali atandisiyira matikiti awiri a dansi ya woimba wina wachinyamata, iye atathamangira kumaliro kwawo ku Dedza. Ndinati, “Alamu, konzekani, usiku uno tikaone zoimbaimba ku Area 25.” Iwo analandira tikiti imodzi, n'kuwerenga dzina la woimbayo, n'kundibwezera. “Alamu, mnyamata ameneyu ine sindimukonda. Ndikatani kumeneko?” Nditawauza kuti inenso sindimukonda, anatsitsa chikho cha thobwa n'kundiyang'ana nthawi yaitali. “Nanga inu mukukatani?”

M'makwalala a Lilongwe nyimbo sizisowa. Ku Kawale kumene ndimakhala, kunja kusanayere wailesi ya aneba imakhala itayamba kale. Ku Biwi kumene alamu amawotcherera zitsulo, galaja iliyonse ili ndi sipika yake. Pamsika wa Nsungwi anyamata owotcha nyimbo amapikisana phokoso mpaka dzuwa kulowa. Koma kukonda kwathu n'kwa m'magulumagulu. Wa Black Missionaries ndi wa Black Missionaries basi. Amayi a kwaya amadikira Great Angels Choir kapena Ethel Kamwendo Banda. Achinyamata ali ndi Eli Njuchi wawo, Driemo wawo, Zeze Kingston wawo. Chipepala cholengeza dansi chikamatidwa pa mtengo wa magetsi, munthu amangoponyako diso kuti aone nkhope; ikakhala si ya wake, ulendo. Choncho amene akuti tizikaoneranso oimba amene si athu ali ndi ntchito yofotokoza, pakuti akulimbana ndi chizolowezi cha anthu ambiri, ndipo anthuwo ali ndi zifukwa zomveka.

Alamu amayambira pa thumba. Iwo amati tikiti, ingakhale yaulere ngati inali m'manja mwangayo, ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa dansi. Kuchoka ku Chinsapo kukafika ku Area 25 ndi minibasi ziwiri: ina yokutula kudepoti m'tauni, ina yolowera njira ya ku Kanengo. Popita zimatheka. Mutu umaima pobwerera, dansi itatha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, minibasi zonse zitagona. Wa kabaza wa njinga yamoto amene masana mumanenerera naye, usiku akatchula mtengo watchula, ndipo sungamudzudzule, chifukwa nayenso akudziwa kuti anzake alandidwapo njinga m'njira zomwezo. Onjezerani chakumwa, kanyenya, tchipisi cha pachiwaya. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene munthu amasiya ku dansi usiku umodzi ndi ya ndiwo za masiku angapo pakhomo. “Ndalama yotere ndikaitulutsa,” amatero alamu, “ndiitulutsire chimene ndikudziwa kuti chindikomera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.”

Pali china chimene amanena chimene chimandigwira mtima kuposa za ndalamazo. Iwo amati munthu amene wapsa ndi moto wa zitsulo kuyambira Lolemba sapita ku dansi kukaphunzira. Amapita kukatula katundu, ndipo katunduyo amatulika poimba nawo. A Black Missionaries, kapena kuti Ma Blacks, akangokhudza nyimbo ya m'chimbale cha Kuimba 1, gitala isanamalize n'komwe kulonjera, khamu lonse limakhala litaidziwa kale. Manja m'mwamba, anthu osadziwana agwirana m'mapewa, kukhosi kukutuluka mawu omwewo. M'nyimbo yotere muli zaka za munthu: chaka chimene anatsika basi kufika m'tauni, nyumba ya lendi yoyamba ku Mchesi, mnzake amene ankavina naye koma lero ali kulichete. Woimba wachilendo alibe kanthu kako kalikonse. Umangoima pakati pa anthu akusangalala, milomo ili chitsekere, ngati wapaulendo amene wafika pamudzi pali mwambo wa eni ake. Zimenezi n'zoona, ndipo ndinazilawapo.

Achemwali anga, akazi a alamuwo, anali akusankha mpunga chapafupi ndipo sanafune kuti nkhani iwadutse. “Achimwene, inu mukulankhula ngati mwamuna.” Anandikumbutsa kuti madansi ambiri amene munthu wa m'makwalala angawakwanitse amachitikira m'malo omwera mowa. Mzimayi akalowamo amakhala akudziwa kuti aledzera ena amugwiragwira, kuti pobwerera ayenda mtima uli m'mwamba, ndipo kuti Lamulungu kutchalitchi nkhani yake ikhala itafika kale. Mavuto amenewa munthu angawapirire chifukwa cha woimba amene amamukonda, ali pagulu la anzake asanu. Chifukwa cha woimba wongomuyesa, ayi. “Ndipo foni ilipo,” anatero. “Mukafuna kumulawa, mulaweni muli pamphasa panu. Bandulo ndi yotchipa kuposa kabaza.”

Usiku umenewo ndinapita ndekha, ndipo umboni ukanakhala woimba wa patikiti uja yekha, bwenzi mkangano utathera pomwepo. Chipepala chinati 7 koloko. Iye anakwera pansanja 12 itadutsa. Sanabwere ndi bandi. Mnyamata wa pakompyuta ankangoika nyimbo zojambulidwa kale, mawu ake ali momwemo, iye n'kumakuwa pamwamba pake kuti tikweze manja. Nyimbo iliyonse ankaidula pakati. Ola lisanakwane anali atatsika. Ndinabwerera ku Kawale pa kabaza, mphepo ya mu Juni ikulowa mpaka m'mafupa, m'thumba mutapepuka.

Koma cha m'ma 9 koloko, anthu ambiri akadali panja pachiwaya ndi pabala, panakwera akalambulabwalo. Anali achinyamata anayi. Woulutsa anatchula dzina lawo mothamanga ngati akuwapepesera. Ng'oma yaikulu ya pansi inkathawa ikamenyedwa, ndiye anaitsekereza ndi njerwa ziwiri. Besi ankaimba ndi mtsikana wamng'ono thupi, gitalayo ikuoneka yomukulira, maso ake ali pa phazi la wang'oma osati pa ife. Anaimba nyimbo ya kamvekedwe ka manganje yonena za landilodi amene wazula chitseko chifukwa lendi yachedwa. Tinalipo anthu osapitirira makumi atatu kutsogoloko. Pamene besi ndi ng'oma zinagwirana, ndinazimva m'nthiti, ndipo bambo wina amene anali pambali panga, botolo lili m'manja, anasiya kulankhula pakati pa chiganizo. Nyimbo zinayi zokha, n'kutsika. Nyimbo ya chitseko ija ndimaing'ung'udzabe ndikamasamba.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi alamu. Mawu akuti “sindimukonda” timawatchula msanga, osafunsa kuti chimene tamva n'chiyani. Nthawi zambiri tamva nyimbo imodzi kapena ziwiri, kudzera pa kasipika ka foni kochepa ngati nyemba, kapena pa sipika yong'ambika ya m'minibasi kondakitala akukangana ndi munthu za chenji. Nyimboyo mwina inajambulidwa m'kachipinda kamodzi, wojambula atakonza zida zonse pa kompyuta chifukwa woimbayo analibe ndalama yolipira anthu oimba zida zenizeni. Chimene takana ndi chojambulidwacho. Mwini wake sitinakumane naye. Pali oimba amene chimbale chimawakometsa kuposa mmene alili, monga wa patikiti uja, ndipo pali ena amene chimbale chimawachepetsa. Skeffa Chimoto dzina loti Jamming Machine analipata pansanja ndi Real Sounds Band, chifukwa cha mmene amagwirira khamu kwa maola. Wongomumvera pa wailesi wamva theka lake. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo foni ndi kandimverere wa masiku ano. Kwa achemwali ndimayankha kuti foni imakulawitsa fungo, ndiwo zili mumphika.

Lilongwe ili ndi umboni wake umene uyenera kutipweteka. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene dziko likuwadziwa kuti Madalitso Band, anakhala zaka zambiri akuimba m'misewu ndi m'misika ya mzinda uno. Yobu amaimba babatoni, chida cha nsambo imodzi, khosi lalitali, bokosi lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chimene anapanga yekha. Yosefe amaimba gitala ya nsambo zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Tinkawadutsa. Ena ankaponya kandalama osaima n'komwe, ena ankati ndi zachimidzi. Mu 2017 anaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, pamaso pa anthu amene sanamvepo dzina lawo ndipo Chichewa sachimva. Kuchoka apo zitseko za ku Ulaya zinatseguka. Chimbale chawo cha Wasalala chinatuluka mu 2019 kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Nsambo ya babatoni sinasinthe pakati pa msika wa Lilongwe ndi Zanzibar. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anapeza anthu amene anali atabwera dala kudzamva chimene sachidziwa, pamene kuno ife tinali titagamula kale tisanaime.

Za Giddes Chalamanda n'zofanana. Nkhalamba ya ku Chiradzulu yobadwa mu 1930 imeneyi, achinyamata ambiri ankaiyesa ya nthawi ya agogo awo, mpaka Patience Namadingo atakhala nayo pansi mu 2020 n'kuimba nayo limodzi. Nyimbo yake ya Linny Hoo itafalikira pa TikTok m'mayiko akutali, ana omwe aja anayamba kuivina. Zinatengera woimba amene amamukonda kale kuwagwira dzanja n'kuwafikitsa kwa amene ankamunyalanyaza. Dansi imachita ntchito yomweyo usiku uliwonse, kwa amene walowa msanga.

Ndikaganiza bwino, chizolowezi chongomvera wako n'chatsopano pakati pathu. Kumudzi, gule akamatuluka kudambwe, palibe amene amasankha kuti lero ndionera chakuti chokha. Umakhala pabwalo, chimene chatuluka n'chomwecho, ndipo chikakugwira mtima umadzuka kukafupa. Paukwati, pachinkhoswe, pamaliro, timamva makwaya a mipingo imene si yathu ndipo ena amatiliza. Nthawi imene wailesi inali MBC yokha, mwana wa ku Kawale ankamva Allan Namoko, Daniel Kachamba, Kalimba, Makasu, rumba ya ku Zaire ndi kwaya, zonse tsiku limodzi, afune asafune. Sindikulira nthawi imeneyo. Inali nthawi yoti nyimbo ina ikanatha kuletsedwa popanda wofunsa. Ndikungoona kuti khutu linkayenda. Lero foni imaphunzira zimene wakonda dzulo n'kukubweretsera zofanana nazo mawa, ndipo mnyamata wowotcha nyimbo amakufunsa kuti “ndikuikireni za ndani, bwana?” n'kukudzazira memori khadi ndi mayina omwe watchulawo. Munthu akhoza kutha zaka zisanu akumva nyimbo tsiku lililonse koma osakumana ndi chomudzidzimutsa. Dansi ndi amodzi mwa malo ochepa otsala kumene nyimbo sungaidumphe ndi chala.

Ndipo ku dansi sumamva woimba yekha. Chaka china ndinaperekeza mwana wa achemwali omwewa ku zoimbaimba za masana pa bwalo lina la mpira, chifukwa mayi ake anakana kuti apite yekha. Nyimbo za achinyamata zolankhula mothamangazi ndinkaziyesa phokoso. Mawu ake sindinkawagwira. Pabwalopo fumbi linali kobo, anyamata a kabaza ataimika njinga zawo m'mbali, ogulitsa mafirizesi akudutsa ndi zidebe pamutu. Woimba atatembenuzira maikolofoni kukhamu, anthu mazanamazana anatchula mawu aja onse pamodzi, ndipo chifukwa khamu limalankhula mochedwerapo kuposa munthu mmodzi, ndinawamva koyamba. Anali a mnyamata amene wamaliza Fomu 4, satifiketi ili m'chikwama, akuyenda m'mafakitale a ku Kanengo geti ndi geti. Mnyamata amene anali patsogolo panga ankaimba maso ali otseka, dzanja lili pachifuwa. Anyamata amenewa ndimakwera njinga zawo tsiku lililonse, koma chimene chili m'mitima yawo ndinachimva tsiku limenelo. Fredokiss ataimba mwaulere pa bwalo la Masintha kuno ku Kawale, akuluakulu ambiri anadabwa ndi kuchuluka kwa khamu. Anadabwa chifukwa anali asanaimepo pamene ana awo amaima. Woimba wa tsiku lija sindinayambe kumukonda, ndipo nyimbo zake mulibe m'foni mwanga. Koma sindinenanso kuti ndi phokoso.

Ndiye kusungulumwa kumene alamu amanena, kwa munthu wosadziwa mawu pakati pa odziwa, ndimakuvomereza, koma ndimakuona mwina. Amene sakuimba nawo ndi amene ali ndi mpata woona. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Palinso nkhani ya mphika wa woimbayo. Masiku a makaseti, pamene O.G. Issa ankagula nyimbo n'kuzifalitsa dziko lonse, woimba ankatha kudya kuchokera ku chimbale. Masiku ano nyimbo imatuluka m'mawa, madzulo ili pa WhatsApp ya aliyense, mwini wake osaona ngakhale tambala. Chatsala ndi pakhomo. Tonse tikamangolipira pakhomo pa amene tikuwakonda kale, ndalama imazungulira mayina khumi omwewo, ndipo mtsikana wa besi uja adzagulitsa gitala n'kuyamba geni ya kaunjika. Ndinawafunsa alamu kuti Ma Blacks anayamba bwanji kuwakonda. Anaseka pang'ono n'kuulula kuti anachita kukokedwa ndi amisiri amene ankawaphunzitsa ntchito, zaka zochepa Evison Matafale, mtsogoleri wa gululo, atamwalira m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Nthawi imeneyo alamu ankati rege ndi nyimbo za osuta chamba, ndipo anthu ambiri ankakayika ngati anyamata a ku Chileka aja angapitirire popanda mtsogoleri wawo. Anapita monyinyirika, anabwerako atagwidwa. Ndinayesa kuti ndawapana, koma anandibwezera mwamsanga: “Nthawi imeneyo ndinali mbeta ya mwamuna, alamu, wopanda mwana wa sukulu, ndipo analipira ndi amisiriwo.” Yankho limeneli n'lolimba. Kuyesa zachilendo kumaphweka kwa wachinyamata ndi kwa wa ndalama, ndipo n'kulakwa kuti ife amene tili ndi kangachepe tizinyoza bambo wa ana anayi kuti khutu lake n'louma.

Pali kusakonda kwina kumene sindikulimbana nako ngakhale pang'ono. Ngati woimba nyimbo zake n'zonyoza amayi, zotukwana, zotamanda kumenya mkazi, ndipo mwazimva bwinobwino n'kuzikana, musapite. Ndalama ya pakhomo ndi chivomerezo, ndipo simukakamizidwa kuvomereza chimene chikumbumtima chanu chikukana. Chimodzimodzi amene chikhulupiriro chake sichimulola kulowa m'malo a mowa. Ameneyo asunge chikhulupiriro chake. Kusakonda kumene ndikulimbana nako ndi kuja kobadwa ndi mphekesera, ndi msinkhu, ndi dera limene woimba akuchokera, ndi chilankhulo, ndiponso ndi chipani. Cha chipanichi chatidya kwambiri. Lucius Banda atalowa ndale n'kukhala phungu wa Balaka North mu 2004, kenako n'kudzalowa UTM, panali anthu amene analumbira kuti sadzapondanso pa dansi ya gulu lake la Zembani Band. Ena a iwo ndimawadziwa. Lucius, amene ankatchedwa Soja, anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, ndipo sabata imeneyo nyimbo zake zinalira m'nyumba za anthu a zipani zonse, kuphatikizapo za olumbira aja. Anali ndi zaka pafupifupi makumi awiri zoti akamuone ali pansanja. Wambali Mkandawire naye, amene ambiri kuno ku chigawo chapakati ankati nyimbo zake n'zovuta ndipo Chitumbuka sitimva, anapita mu Januwale 2021. Zojambulidwa zatsala, koma mawu aja akutuluka m'chifuwa cha munthu wamoyo, amene sanawamve sadzawamvanso.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ndimapeza kuti alamu akulondola pa mtengo ndipo akulakwa pa chigamulo. Kuchoka ku Chinsapo usiku, kulipira minibasi ziwiri ndi kabaza chifukwa cha dzina limene silikukukoka, sindingamuumirize munthu. Koma nkhaniyi siyenera kufika pamenepo. Woimba wosamudziwa timamulipira kale nthawi iliyonse tikagula tikiti ya wathu, chifukwa akalambulabwalo ali mumtengo womwewo. Timangosankha kukhala panja mpaka wathu akwere, kapena kulowa n'kumakuwa kuti atsike. Chizolowezi chokuwiza akalambulabwalochi chimandiwawa. Wendy Harawa, Dan Lu ndi ena ambiri anadutsa m'manja mwa Lucius asanaime paokha, ndipo tsiku lina anaimbirapo anthu amene anali kudikira wina. Kulowa msanga ndi ola limodzi sikuonjezera tambala pa zimene wawononga kale.

Malo otchipa ndi aulere aliponso, ndipo ena ali pakhomo pathu penipeni. Ku Area 23 kuli Music Crossroads, kumene achinyamata amaphunzira zida, zamakono ndi zamakolo, ndipo anthu ambiri okhala komweko amangodutsa pageti. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, ulendo wa ola limodzi kuchoka mumzinda, kuli chikondwerero cha Tumaini chimene mlakatuli wa ku Congo, Menes la Plume, anayambitsa mu 2014. Pakhomo salipiritsa. Kumeneko munthu wa ku Mgona amaima pafupi ndi wa ku Burundi, wa ku Rwanda, wa ku Somalia, ndipo palibe amene amadziwa oimba onse. Ng'oma za Aburundi, zikuluzikulu zosenzera pamutu uku akuzimenya, ukaziona kamodzi sungafunsenso ngati kunali koyenera kupita. Lake of Stars ndi Sand Music Festival zimachitanso zomwezo zosakaniza oimba, koma mtengo wake, pamodzi ndi ulendo wa kunyanja ndi pogona, si wa munthu wowotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo sindinamizira kuti ndi wake.

Mbali yaikulu ya mlanduwu ndimaipereka kwa okonza madansi. Madandaulo a achemwali ndi a alamu, pafupifupi onse, ndi a usiku ndi a mowa, osati a nyimbo. Dansi yoyamba 1 koloko masana n'kutha dzuwa likulowa, minibasi zikadali pamsewu, imachotsa kabaza wodula, imachotsa mantha, imalola mayi kubwera ndi mwana wake. Oimba nyimbo zauzimu anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake maphwando awo a Lamulungu masana amadzaza ndi mabanja, ndipo pa tsiku limodzi pamadutsa magulu ambirimbiri amene omvera sanabwerere iwo. Wokonza dansi amene amalemba 7 koloko n'kuyamba pakati pa usiku, amene amalola woimba kukuwa pamwamba pa nyimbo yojambulidwa, amene amapatsa akalambulabwalo zida zakufa, ndi amene akuphunzitsa anthu kuti kuyesa n'kutaya. Munthu akapsa kamodzi motero, sabwereranso kwa wachilendo aliyense, ndipo oimba abwino amalipira mlandu umene si wawo.

Alamu sanagonje, ndipo sindikuyembekeza kuti adzagonja. Chimene anavomera n'chochepa. Mwezi wathawu kunali dansi ya masana ya bandi ina imene amaikonda, ndipo m'malo mokhala pachiwaya mpaka wawo akwere, analola kuti tilowe pamene mageti amatsegulidwa. Achemwali anabwera nawo, atavala chitenje chawo chatsopano. Oyamba kukwera anali anyamata atatu ndi mtsikana woimba kutsogolo. Alamu anaima manja ali kumbuyo, ngati mmisiri amene akuyendera geti lowotcherera mnzake. Nyimbo yoyamba sanagwedezeke. Yachiwiri ndinaona phazi lawo likugunda pansi. Atatsika ana aja ndinawafunsa kuti aona bwanji.

“Woimbayo sanandigwire, alamu,” anatero. “Akuthamangira mawu. Koma wang'oma uja ndi mmisiri. Dzanja lake lamanzere mwaliona?”

Achemwali anali atasowa pambali pathu. Tinawaona kutsogolo, pafupi ndi masitepe a nsanja, akumasula mfundo ya pachitenje kuti amufupe mtsikana uja.